Kaumbidwe ka Mutu wa Giya wa Galimoto Zakale

Galimoto za Morris Minor zinaleka kupangidwa m'caka ca 1971, koma zina zikali kuyenda. Tsono mutu wa ndodo ya giya ukasweka, eni ace ena amapita kwa mmisiri kuti awaumbire wina.

Mmisiri ayamba ndi kusema mutuwo pa mtengo wolimba, nauyesa m'dzanja lace kufikira utakhala bwino. Ausema wokulirapo pang'ono, cifukwa citsulo cimacepa pozizira. Atatero aukanikiza mu mcenga wosanganiza ndi dongo, m'mabokosi awiri ophatikizana. Akaucotsa, mutsala mphako ya maonekedwe ace, ndipo aboola kanjira kothirira citsulo.

Ambiri akonda brass, ndiwo mkuwa wosanganiza ndi zinki. Mkuwa wokha usungunuka pa madigiri 1,085, koma brass isungunuka pafupi ndi 900.

Coopsa cacikuru ndico madzi. Mcenga uyenera kukhala wacinyezi pang'ono cabe, wongogwirana poufumbata. Ukanyowa kopambana, madziwo asanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo citsulo camoto cithovukira kumaso ndi kumapazi kwa wothirayo. Anthu ogwira nchito yosungunula mkuwa ku Mufulira aidziwa bwino ngozi imeneyi.

Mutuwo ukazizira, mmisiri aupala, aboola cibowo pansi pace, nadula mazinga olingana ndi a pa ndodo. Akalakwa pamenepa, mutu udzagwedera pa ulendo. Brass iri ndi vuto limodzi: galimoto ikaima pa dzuwa la October, mutuwo uocha dzanja.