Chifukwa Chake Timawerenga Mbalame za ku Kafue

Ku Kanyama ndi ku Matero mu Lusaka, anthu akamva kuti ntchito yanga ndi kuwerenga mbalame, amati zimenezo ndi zosangalatsa azungu. Taimani ndikufotokozereni.

Mbalame imene ndimatsata amaitcha wattled crane. Ndi yaitali kupitirira mita imodzi ndi theka, khosi lake loyera, nkhope yofiira, ndipo kunsi kwa mlomo kumalendewera tinyama tiwiri. Inzake ya ku America, whooping crane, imathawa chisanu ku Canada n'kukakhala m'mbali mwa nyanja ku Aransas, m'dera la Texas. Yathuyi imatsata madzi. Khamu lake lalikulu lili m'madambo a Kafue, ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon. Blue Lagoon ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera mu Lusaka.

Kuwerengako timachita ndi kandege kouluka motsika, kutsata mizere yowongoka, wina akuyang'ana kumanja, wina kumanzere. Koma ine chimene ndimafunitsitsa kuona ndi anapiye. Mbalamezi zimamanga chisa pakati pa madzi osefukira akayamba kuphwa, m'nyengo yozizira. Zimaikira dzira limodzi kapena awiri, koma zimalera mwana mmodzi yekha. Madzi akabwera nthawi yolakwika, chisa chimamira. Akapanda kubwera, nkhandwe imafika pachisa poyenda pouma. Chaka chonse chapita pamenepo. Ndiye tikaona akuluakulu ochuluka opanda ana, timadziwa kuti mtsinje wa Kafue sukuyenda bwino.

Chimangireni damu la Itezhi-Tezhi m'zaka za m'ma 1970, kusefukira kwa Kafue kumadalira anthu otsegula zitseko za damu kuti magetsi apangidwe ku Kafue Gorge. Nacho chitsamba chaminga cha Mimosa pigra, chochokera ku America, chinalanda msipu ku Lochinvar, ndipo anthu a m'midzi yozungulira akhala akuchidula ndi manja mothandizidwa ndi International Crane Foundation.

Tsono mudziwe kuti gawo lalikulu la madzi otuluka pa pompi mu Lusaka limapopedwa mu Kafue yemweyo, ku Iolanda. Zina mwa nsomba zogulitsidwa ku Soweto Market zimaswana m'madambo omwewo.

Aphunzitsi a ku Chawama, George ndi Mtendere, pemphani basi mutengere ana ku Blue Lagoon mvula ikatha ndi msewu ukauma. Akaione mbalameyi ndi maso awo.