Mwendo wobinya uli ngati simenti ya dzulo

Mphwanga amakhala ku Moatize, ndipo Loweruka likakwana sakhazikika. Amathawa kutentha ndi fumbi la malasha, n'kukwera chapa pamsewu wa EN7 mpaka ku Zóbuè, kumalire ndi Mwanza, kukakwera phiri kumene kumawomba kamphepo kayaziyazi. Tsiku lina potsika anaponda mwala wogwedera, phazi n'kupindikira mkati. Pofika pamsewu, pakakolo panali patatupa mpaka nsapato kukana kuvuka.

Patatha masiku 10 ululu unazilala, mnyamata n'kuyamba kupukuta nsapato zija. Anamubweza ndi mmisiri amene amamanga nyumba kuseri kwawo.

"Achimwene, simenti ndathira dzuloyi yauma, eti? Ndiye bwerani ndi lole muimike pomwepa."

Mphwanga anangoseka.

"Yauma pamwamba pokha. Ife timawerenga masiku 28 tisanaisenzetse katundu."

Mmisiriyo analasa. Mafupa a pakakolo amagwiridwa ndi mitsempha yolimba ngati luzi, ndipo kubinya ndiko kuduka kwa tina mwa timaulusi take. Thupi limayamba lamatapo ndi ulusi wanthete, woyalidwa chisawawa. Ululu umathawa msanga, koma kukhwima kumatenga masabata 6 kapena kuposa, pena miyezi. M'kati mwa nthawi imeneyi ndi mmene ambiri amabinyiranso pomwe pomwepo, ati "ndachira".

Komatu simenti saisiya yokha. Padzuwa la ku Tete lino, ukapanda kuithirira m'mawa ndi madzulo imang'aluka. Mwendonso ukaugoneka pamphasa mwezi wathunthu umauma gwa, katumba n'kuphwa. Kuthirira kwake n'kuzunguza phazi uli chikhalire, kupondera pang'onopang'ono pamalo osalala, kenako kuima ndi mwendo umodzi uku ukutsuka mano. Zomalizazi zimaoneka zachibwana, koma phazi lobinya limaiwala kuuza ubongo mmene laponda, ndipo pamiyala ya kuphiri kuiwala kumeneko n'kumene kumagwetsa munthu.

Agogo adzati thowani ndi madzi otentha. Muwalemekeze, koma masiku awiri oyamba ikanipo chozizira, mwendo muusanjike pamtsamiro. Ngati simungathe kuponda kanayi motsatizana, kapena fupa lenilenilo likupweteka polidina, za simenti zisiyeni, pitani ku Hospital Provincial de Tete akajambule. Pena ndi fupa, lofuna chikhakha.

Chimene chikumuvuta mphwanga masiku ano si mwendo ayi, koma Loweruka. Anzake amamutumizira zithunzi ali pamwamba, iye ali pakhonde. Anayamba wakwiya, kenako wayamba kuyenda m'mamawa kutsikira kumtsinje wa Revúbuè, kumene kulibe chitunda choti n'kumunyengerera. Pakhoma lakuseri amalembapo mzere ndi khala tsiku lililonse. Dzulo mmisiri uja anaiwerenga, napeza 23, n'kumuuza kuti ya mwendo amawerenga kawiri.