Lewi Pethrus, m'busa amene adachotsedwa chifukwa cha mgonero

M'chaka cha 1913, akuluakulu a mpingo wa Baptist ku Sweden adachotsa m'gulu lawo mpingo wa Filadelfia wa mumzinda wa Stockholm. Nkhani idali ya mgonero. M'busa wake, Lewi Pethrus, ankalola Akhristu obatizidwa omwe sadali a Baptist kudya nawo mgonero wa Ambuye. Kuyambira pamenepo, a Pentekosite m'dzikolo, omwe mpingowu udali mbali yawo, adaima paokha.

Pethrus adabadwa pa 11 Malichi 1884 ku Vargön. Ali mnyamata adagwirapo ntchito m'fakitale ya nsapato, ndipo adabatizidwa mu 1899. Nthawi imeneyo mpingo wa Lutheran ndiwo udali wa boma, choncho opemphera kwina ankaoneka ngati opanduka. Mu 1907 adapita ku Norway kukamva mlaliki Thomas Ball Barratt, nabwerako atagwidwa ndi uthenga wa ubatizo wa Mzimu Woyera. Adayamba ubusa ku Filadelfia mu 1911.

Atachotsedwa, adalimbikira mfundo imodzi: mpingo wa pamalo uzidzilamulira wokha, popanda likulu kapena bishopu pamwamba pake. Filadelfia idakula mpaka mu 1930 idatsegula tchalitchi cholowa anthu zikwi zingapo, ndipo amishonale a Pentekosite ochokera ku Sweden adafika ku Congo, Tanganyika ndi Burundi.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wokana malikuluyu ndiye adayambitsa mabungwe ambiri. Mu 1945 adakhazikitsa nyuzipepala ya Dagen. Poti ku Sweden wailesi idali m'manja mwa bungwe limodzi lokha, mu 1955 IBRA Radio idayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Tangier, mzinda womwe lero uli m'dziko la Morocco. Padabweranso bungwe lothandiza zidakwa kusiya mowa, ndipo mu 1964 adathandiza kuyambitsa chipani chomwe lero chimatchedwa Kristdemokraterna.

Mphamvu zoterezi zidabala mikangano. Mu 1948 mnzake wapamtima, mlembi Sven Lidman, adamudzudzula poyera kuti akulamulira yekha ndiponso akusakaniza za Mulungu ndi malonda. Awiriwa adapatukana.

Pethrus adasiya ubusa wa Filadelfia mu 1958, namwalira pa 4 Sepitembala 1974 ali ndi zaka 90. Nyuzipepala ya Dagen ikutulukabe, IBRA ikulalikirabe, ndipo chipani chija chakhalapo m'boma la Sweden kangapo.