Nkhondo ya Chiwaya: Anamveranji Asilikali Aja?

 Lero tifuna kukamba mlandu wakale umene sunaole. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918, imene makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, amuna anzeru zawo, okhala ndi akazi ndi ana kumudzi, anali kutuluka m'ngalande m'mene anabisala, nathamangira mfuti zimene zinali kuwadikira. Anadziwa bwino lomwe kuti ambiri sadzabwerako. Nanga chinawadzutsa n'chiyani?

Dzina lija lichokera ku chiwaya chokazingira chimanga, pakuti mfuti imene inatchuka pa nkhondoyo inali kuthetheka monga chimanga pamoto, ndipo inali kulavula zipolopolo ngati 500 pa mphindi imodzi. Chifukwa cha mfuti imeneyi ndi mizinga, asilikali a ku Ulaya anakumba ngalande kuyambira kunyanja ya mchere ku Belgium kufikira kumalire a Switzerland, natchinga kutsogolo kwake ndi waya waminga. Pa 1 July 1916, pafupi ndi mtsinje wa Somme ku France, wezulo inalira mamawa, Angerezi natuluka m'ngalande zawo. Pofika usiku, anthu 19,240 anali atafa, ndipo akufa, ovulala ndi osowa pamodzi anakwana 57,470. Limeneli linali tsiku limodzi lokha.

Wina asayese kuti izi n'za Azungu okha. Mwazi wa anthu athu unayamba kukhetsedwa ku Karonga pa 9 September 1914, pamene ankhondo a King's African Rifles, amene tiwatcha a Keyala, anakomana ndi Ajeremani. M'mwezi wa December 1916, pa mapiri a Kibata m'dziko limene lero ndi Tanzania, asilikali a ku Nyasaland ndi anzawo a ku India anagona m'ngalande pamvula, ngalande za adani zili pafupi, mzinga wochotsedwa m'chombo cha Königsberg ulikuwagwetsera moto. Ku Mahiwa, kuyambira pa 15 kufikira pa 18 October 1917, akulu a nkhondo anatuma anthu awo kawirikawiri kukagwa pa Ajeremani okumba pansi, ndipo mwa anthu osafika 5,000, oposa 2,000 anafa kapena kuvulala. Nyasaland anapereka asilikali ngati 19,000 ndi amtengatenga ngati 200,000, ndipo matenda ndi njala zinapha ambiri koposa chipolopolo.

Chifukwa choyamba cha kumvera kwawo tichipeza pa njira imene inawafikitsa kunkhondo. Msonkho wa nyumba unali kufunidwa chaka ndi chaka, thangata anali kusautsa anthu m'minda ya Azungu, koma msilikali anali kulandira ndalama yoposa paundi imodzi pa mwezi, pamodzi ndi zovala ndi phoso. Ena anachita kuperekedwa ndi mafumu amene Boma linawapanikiza. Kuno, m'dziko limene pa nthawiyo linali kutchedwa Rhodesia, pamene gulu la Rhodesia Native Regiment linakhazikitsidwa mu 1916, ambiri amene analembedwa anali alendo a kumpoto ogwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi, anthu onga ife tomwe. Tionenso ichi: pamene Angerezi anathetsa gulu lachiwiri la Keyala mu 1911, ena a asilikali ake anaoloka malire nakalembedwa kwa Ajeremani, kotero kuti pa nkhondoyo anthu a mudzi umodzi anatha kulozana mfuti. Mlandu wa mafumu a ku Ulaya sanaudziwe. Anadziwa umphawi wa kwawo. Ndipo munthu amene walandira malipiro a miyezi yambiri, navala malaya a Boma, apeza kuti n'kovuta kunena pa tsiku loipa kuti ntchito aileka.

Chachiwiri ndi perete. Miyezi yathunthu msilikali anali kuphunzira kutembenuka, kugwada ndi kuthamanga pa mawu amodzi a sajeni, kufikira miyendo yake inazolowera kumvera mtima usanafunse. Mwambo umenewu tiuona ndi lero m'magule a beni ndi malipenga: mizere yoongoka, maudindo a usilikali, phazi limodzi kwa onse. Chimene tisekerera m'bwalo tsiku la Sabata ndicho chinali kudzutsa anthu m'ngalande pamene lipenga linalira.

Chachitatu ndi mantha a kumbuyo. Msilikali wakuda wolakwa anali kukwapulidwa ndi chikoti pamaso pa anzake, ndipo chilango chimenechi sichinachoke m'gulu la Keyala kufikira 1946. Wothawa pamaso pa adani anatha kuweruzidwa kuti afe. Angerezi anawombera asilikali awo 306 pa milandu yonga kuthawa ndi mantha, ndipo Boma lawo linawakhululukira mu 2006, onse atagona kale m'manda zaka pafupifupi 90. Tsono munthu anali kuyesa m'mtima mwake: kutsogolo imfa ingandiphonye, koma kumbuyo siphonya. Nanga munthu wa ku Dedza kapena ku Mangochi, ali ku Kibata, akadathawira kwa yani, m'dziko la chinenero chachilendo, lopanda mbale womubisa?

Koma chifukwa chimene tichiyesa chachikulu ndi chibale ndi manyazi. Akulu anati, kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Asilikali anali kudya m'mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi, ndipo kawirikawiri anali a dera limodzi. Wotsala m'ngalande anzake atatuluka anadziwa kuti mbiri yake idzafika kumudzi iye asanafike, ndi kuti mayi wa mnzake wakufa adzamufunsa kumene anali. Angerezi anaidziwa mphamvu imeneyi, nalemba anyamata a mudzi umodzi m'gulu limodzi. A m'tauni ya Accrington anatuluka ngati 700 pa tsiku lija la ku Somme, ndipo oposa 500 anafa kapena kuvulala, maliro nalowa pafupifupi m'khwalala lililonse. Chingwe chimene chiwamanga anthu kuti asataye mnzawo ndicho chinawakokera kumanda pamodzi. Sajeni ndi ofisala wamng'ono analinso kutsogolera, ndipo ambiri a iwo anagwa poyamba. Kumsiya munthu wotere ayende yekha kunali kovuta.

Potsiriza panali chiyembekezo. Ku Somme mizinga inalira masiku asanu ndi awiri, asilikali nauzidwa kuti waya waduka ndipo adani atha. Sizinatero, pakuti Ajeremani anabisala m'maenje akuya, natulutsa ziwaya zawo mizinga italeka. Ndipo mtima wa munthu uli ndi chizolowezi chake, cha kuyesa kuti chipolopolo chili ndi dzina la wina.

Komabe si onse anamvera. M'midzi yambiri amuna anathawira kutchire ndi kumapiri pomva kuti olemba amtengatenga afika. M'mwezi wa November 1914, mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka, amene sapindula kanthu pa mtendere, ndiwo aitanidwa kukafa pa mlandu usali wawo ndi kusiya amasiye, pamene eni chuma atsala. Boma linaletsa kalatayo. Iye anaukira pa 23 January 1915, naphedwa pa 3 February. Ku France mu 1917, atatayika anthu ochuluka pa Chemin des Dames, magulu ambiri a Afalansa anakana kutulukanso m'ngalande. Sanathawe, anati dziko adzalitchinjiriza, koma kuthamangira chiwaya ayi. Ena anawomberedwa, koma mkulu wawo watsopano, Pétain, anakonza chakudya ndi masiku opuma, naleka kwa kanthawi nkhondo zotaya anthu chabe. Mmodzi wokana aphedwa. Zikwi zikakana pamodzi, akulu akhala pansi ndi kumva.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa munthu wa pamgodi. Mwala ukagwa usiku nupha mnzathu, m'mawa belu lilira, ndipo tilowa m'chikepe monga mwa masiku onse. Chitilowetsa n'chiyani? Ana ofuna chakudya, mantha a kuchotsedwa ntchito ndi kutaya nyumba ya m'komboni, mawu a kapitawo amene tinawazolowera, manyazi pamaso pa anzathu, ndi kuyesa kuti lero si tsiku lathu. Zifukwa zake n'zomwezo. Pa 6 June 1972, mgodi wa malasha wa Wankie, umene lero utchedwa Hwange, unaphulika nupha anthu 427, ena a iwo a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Koma tikumbukenso Shamva mu 1927, pamene antchito zikwi, otsogoleredwa ndi anthu a ku Nyasaland, anaika pansi zida zawo pamodzi chifukwa cha malipiro ndi kusamalidwa koipa.

Nkhondo inatha ku Ulaya pa 11 November 1918, ndipo von Lettow-Vorbeck anapereka zida zake ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November. Ku Zomba kuli nsanja ya chikumbutso yolembedwa maina a asilikali a Keyala amene anafa. Amtengatenga ambiri anagona m'mbali mwa njira popanda mwala. Sitiwayesa opusa makolo athu aja, pakuti kusataya mnzako pa tsoka ndiko umunthu. Chimene tipempha n'chakuti kukhulupirika kumeneku tikusunge kwa eni ake, ndiwo anzathu a pantchito. Denga la mgodi likamalira, kapena mankhwala a m'munda akaperekedwa popanda zodzitchinjirizira, wonena asasiyidwe yekha ndi kutchedwa wamantha. Imani naye, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsalani bwino, abale.