Tisankhe Bwanji Tochi Yoyendera ndi Kusakira Usiku?

Kuno ku Bowe ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mvula yoyamba ikagwa timatuluka usiku kukagwira ngumbi, ndipo m'chilimwe anyamata athu amasaka mbewa. Ambiri tinasiya miuni ya udzu n'kuyamba kugwiritsa ntchito matochi a LED. Tinachita bwino, pakuti muuni umodzi wotayidwa mosasamala ungathe kutentha tchire lonse pamodzi ndi nkhokwe za anzathu.

Tochi ya LED imawala kwambiri koma siidya mabatire msanga ngati ya babu wakale. Akatswiri atatu ochokera ku Japan, Akasaki, Amano ndi Nakamura, analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014 chifukwa cha luso limeneli.

Pogula tiyang'ane zinthu zinayi. Choyamba, kuwala kumayezedwa mu ma lumen: 100 mpaka 200 n'kokwanira kuona njira ndi njoka. Chachiwiri, tochi yovala pamphumi imamasula manja onse kuti tigwire khasu, pamene ya m'manja imaunika patali. Chachitatu, yolembedwa IPX4 imapirira madontho a mvula. Chachinayi, yotchaja ndi sola imapulumutsa ndalama za mabatire.

Tisaunike anzathu m'maso, ndipo mabatire otha tisataye pafupi ndi chitsime kapena pamene ana amasewera.

Tikumbukirenso kuti nkhalango ya Ntchisi n'njotetezedwa ndi boma. Kusaka nyama m'menemo popanda chilolezo ndi mlandu, kaya tochi yathu ikhale yabwino chotani.