Mbewa Imene Njoka Yakana

Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti njoka ikalowa m'nyumba mpini wa khasu ndiwo uyankhula, n'chodabwitsa kumva kuti ku Ulaya, ku America, ngakhale ku South Africa komwe, alipo anthu ochuluka amene amaweta njoka m'mabokosi agalasi, naziyesa ziweto monga ife tiyesera nkhunda za m'khola. Yokondedwa koposa ndi kansato kofatsa kotchedwa ball python, kochokera ku Ghana, Togo ndi Benin, kamene kakachita mantha kamadzipinda ngati nkhata n'kubisa mutu pakati. Chakudya chake ndi mbewa ndi makoswe oleredwa dala m'mafamu, amene amaphedwa, naumitsidwa ndi chisanu kufikira alimba ngati mwala, nagulitsidwa m'matumba kuti mwini njoka awasunge mufiriji youmitsa pa madigiri 18 kunsi kwa ziro.

Tsiku lodyetsa likayandikira, mwini njoka amatenga mbewa imodzi madzulo, naigoneka mufiriji wamba kuti isungunuke pang'onopang'ono usiku wonse; m'mawa mwake amaitsekera m'kathumba ka pulasitiki ndi kuiviika m'madzi ofunda kufikira ithumira ngati yamoyo, pakuti nsato ili ndi timaenje m'mbali mwa mlomo timene imamvera kutentha kwa nyama, ndipo mbewa yozizira siikopa mtima wake. Pamenepo amaigwira kumchira ndi mbaniro, naivinitsa pamaso pa njoka. Koma kansatoka n'kodziwika ndi mwano pa chakudya: kamatulutsa lilime kawiri katatu, n'kubweza mutu, n'kulowa kuphanga kwake, ndipo kakayandikira kufundula, kapena nyengo ikazizira, kamatha kusala kudya milungu, mwina miyezi. Apo ndipo mwini wake, ataima ndi mbewa yofunda m'manja, nakumbukira ndalama imene anagulira, amadzifunsa ngati kuli kulakwa kuibwezera m'chisanu kuti idzatumikire sabata ya mawa.

Yankho lagona pa chinthu chimodzi chimene ambiri sachizindikira, chakuti chisanu sichipha tizilombo toyambitsa matenda, koma chimangotigoneka tulo. Mabakiteriya amene anali m'mbewa pa tsiku la kufa kwake amakhala momwemo ali chigonere, ndipo mbewayo ikafunda amadzuka ndi kuyamba kuswana. Pakati pa madigiri 5 ndi 60, zinthu zikawayendera bwino, ena amawirikiza chiwerengero chawo mphindi 20 zilizonse, kotero kuti pakutha pa maola awiri pamene panali mmodzi pakhoza kukhala 64. Munthu akaibwezera mufiriji, khamu lonselo silichepa ayi, limangogonanso, ndipo pa kusungunula kwachiwiri limayambira pomwe linalekezera.

Tsono apa anthu a kwathu ali ndi nzeru yoposa ya m'mabuku. Mnyamata wokumba mbewa m'chilimwe, akabwera nazo kumudzi, sazisiya zigone ndi matumbo ake. Amazitumbula, naziphika ndi mchere, naziyanika pamoto, podziwa kuti kuwola kumayambira m'mimba. Mbewa ya njoka sichitidwa chimodzi mwa zimenezi, pakuti njoka imameza nyama yathunthu, yaiwisi, ya ubweya ndi matumbo omwe, ndipo m'matumbomo ndimo muli mudzi waukulu wa mabakiteriya. Nyama ya ng'ombe yosungunukira mufiriji ikhoza kuumitsidwanso popanda choopsa chachikulu, chifukwa ilibe matumbo ndipo pomaliza idzakumana ndi moto; mbewa ya njoka moto siidzauona konse. Kuwonjezera apo, timiyala ta ayezi timene timamera m'mnofu timang'amba minyewa nthawi iliyonse imene nyama iundana, ndipo n'chifukwa chake mbewa youmitsidwa kawiri imafewa mimba, nthawi zina n'kuphulika pamene njoka yaizinga. Ubweya ukhoza kuoneka wosalala bwino lomwe, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ena amatsutsa kuti njoka zakutchire zimadya ndi zakufa zomwe osadwala, ndipo mawuwo sali opanda choonadi, pakuti m'mimba mwa njoka muli asidi waukali wosungunula mafupa. Komabe njoka yodya nyama yoonongeka ikhoza kusanza, ndipo kusanza kwa njoka si nkhani yamasewera, popeza imafunika kupumitsidwa pafupifupi milungu iwiri isanadyenso. Choopsa chachikulu, komatu, chili pa munthu. Mu 2014 bungwe la zaumoyo la CDC ku America linapeza kuti anthu 41 m'zigawo 21 anadwala ndi bakiteriya wa Salmonella wochokera ku mbewa zoumitsidwa za njoka. Ndipo ku Britain, anthu mazanamazana atadwala kwa zaka zingapo, ambiri a iwo ana, boma linaletsa mu 2022 kulowetsa mbewa zotere kuchokera ku Lithuania. Mbewa zonsezo zinali zitakhala m'chisanu, ndipo chisanucho sichinaziyeretse.

Potero mwambo wa oweta osamala ndi uwu. Mbewa imene yasungunukira mufiriji yokha, yosapitirira tsiku limodzi, yosafunditsidwa, yosalowa m'nyumba ya njoka, ena amailola kubwerera m'chisanu kamodzi kokha, ngakhale ambiri amaona kuti n'kwabwino kuileka. Koma imene yaviikidwa m'madzi ofunda, kapena yagona usiku m'bokosi lotenthetsedwa kudikira njala ya njoka, kwake kwatha. Ikulungidwe ndi kutayidwa. Chimodzimodzi magetsi akathima nthawi yaitali, thumba lonse n'kufewa ndi kufunda, palibe chopulumutsa. Mbewa zisasungunulidwe mu microwave kapena m'ziwiya zodyera anthu, zisagone pamodzi ndi ndiwo za banja, manja asambidwe ndi sopo, ndipo ana osakwana zaka zisanu, okalamba ndi ofooka m'thupi asazikhudze. Wochenjera amasungunula imodzi yokha, atayamba wayang'ana ngati maso a njoka achita chifunga, chizindikiro chakuti yayandikira kufundula ndipo sidzadya.

Ana a Israyeli m'chipululu, ena mwa iwo atasunga mana mpaka m'mawa chifukwa cha kukaika mtima, anawapeza atagwa mphutsi ndi kununkha. Ndipo woweta njoka amene aumira mbewa imodzi ya ndalama zochepa, naiika pachiswe nsato imene ikhoza kukhala naye zaka 30, pamodzi ndi ana a m'nyumba mwake, wagwa m'mbuna yomweyo. Njoka ikakana lero, njala yake idzabweranso, ndipo tsikulo mbewa ina yatsopano ituluke m'thumba.