Penti wa galimoto amathera pamalo otsukira

Loweruka lililonse m'mawa, m'mbali mwa misewu ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi kwa Mgona mumzinda wa Lilongwe mumakhala piringupiringu wa achinyamata onyamula zidebe, sopo ndi nsalu. Ena ali ndi kashedi komanso makina opopera madzi, pomwe ena amadalira madzi ogula pakiyosiki. Ola lisanathe, galimoto imene inabwera ili mbuu ndi fumbi imachoka ikunyezimira.

Ntchitoyi ikudyetsa mabanja ambiri. Komatu pamalo omwewa mpamene penti wa galimoto zochuluka amaonongekera pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira. Nkhaniyi yakula msinkhu chifukwa galimoto zambiri mumzindawu ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kuchokera pomwe mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kugula galimoto ina, zipangizo zake kapena kuipakanso penti kwakhala mtolo wolemetsa. Amene ali ndi Sienta, Vitz kapena Probox akuyenera kuisunga kuti imutumikire zaka zambiri.

Kuti munthu amvetse vutoli, ayambe wadziwa kapangidwe ka penti. Pamwamba pa chitsulo cha galimoto pamakhala mankhwala oteteza ku dzimbiri, kenaka penti woyambirira, kenaka penti wa mtundu umene maso amaona. Pamwamba penipeni pamakhala kachikuto koonekera ngati galasi, kamene pa Chingerezi amati clear coat. Kachikutoka n'kamene kamanyezimira komanso kutchinga dzuwa, koma kuchindikala kwake kumangokhala mamaikironi 40 mpaka 50, pafupifupi theka la kuchindikala kwa pepala lolembapo. Kakatha sikameranso, ndipo chotsalira n'kupita kwa opopera penti.

Mdani wamkulu wa kachikutoka ndi mchenga. Kuyambira May mpaka mvula itayamba, misewu yadothi ya m'makwalala imafuka fumbi lomwe muli timchenga tolimba kuposa penti. Wotsuka akapukuta galimoto youma, kapena akaviika nsalu imodzi m'chidebe chimodzi kuyambira kumatayala mpaka kudenga, timchengato timakanda penti ngati sandipepa. Zotsatira zake ndi timizere tozungulira tomwe timaoneka galimoto ikaima padzuwa, makamaka ikakhala yakuda.

Mdani wachiwiri ndi sopo waufa wochapira zovala. Sopoyu ndi wotsika mtengo ndipo amatulutsa thovu lambiri, koma ndi waukali. Amasukulutsa phula loteteza penti, amaumitsa mphira za m'mbali mwa magalasi ndipo amatuwitsa mapulasitiki akuda. Kutsukira padzuwa lamasana kumaonjezera vutoli chifukwa madzi ndi sopo zimaumira pathupi la galimoto n'kusiya mawanga.

Apa mpamene pagona kusiyana kwa kutsuka wamba ndi ntchito imene m'maiko ena amaitcha detailing, kutanthauza kuyeretsa ndi kuteteza galimoto mbali iliyonse mwatsatanetsatane. Katswiri wa ntchitoyi amayamba wathira madzi ambiri kuti mchenga uyoyoke nsalu isanakhudze penti. Amagwiritsa ntchito zidebe ziwiri, china cha madzi a sopo wa galimoto, china chotsukuluziramo nsalu. Amayambira kudenga kutsikira m'munsi, ndipo matayala amakhala ndi nsalu ndi bulashi yakeyake. Nsalu zake zimakhala zofewa za mtundu wa microfibre, ndipo imene yagwa pansi amaiika padera. Zambiri mwa izi sizifuna mpamba waukulu, zimangofuna kudziwa ndi kudekha.

Polishi naye ali ndi malire. Makina opolishira amachotsa timizere mwa kupala pang'ono kachikuto kaja, choncho kupolisha pafupipafupi kapena kukanikiza makina pamalo amodzi kumabowola kachikutoko, makamaka m'makona. Akatswiri amayamba ayeza kuchindikala kwa penti ndi kachipangizo kapadera, ndipo akamaliza amapaka phula kapena mankhwala ena oteteza. Chimodzimodzi nyali zakutsogolo: zimapangidwa ndi pulasitiki yomwe imachita chikasu ndi dzuwa, ndipo zikapalidwa popanda kupakidwa choteteza zimachitanso chikasu m'miyezi yochepa.

Zolakwika zina zimafika poika moyo ndi chuma pachiswe. Galimoto zamakono zili ndi masensa ndi kompyuta yoyendetsa injini, moti kupopera madzi amphamvu m'boneti kutha kulowetsa chinyontho m'mawaya, galimoto n'kuyamba kuvuta kulira. Galimoto zoyendera petulo ndi magetsi omwe, monga Toyota Aqua, zili ndi batire lalikulu pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo kukhuthulira madzi m'kati potsuka kapeti kutha kuononga batire limene mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Mafuta onyezimiritsa dashibodi sayenera kupakidwa pachiwongolero kapena popondera mabuleki chifukwa amaterera.

Funso limene eni galimoto amakhala nalo nlakuti wodziwa ntchito angamuzindikire bwanji. Ku America kuli bungwe la International Detailing Association lomwe limapereka satifiketi ya Certified Detailer kwa amene akhoza mayeso olemba okhudza penti, mankhwala, magalasi, zam'kati mwa galimoto ndi chitetezo pantchito. Palinso gawo la Skills Validated, pomwe munthu amagwira ntchitoyo pamaso pa omuyesa.

Kuno kwathu, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1999. Bungweli lili ndi ndondomeko ya Recognition of Prior Learning, imene imayesa ndi kupereka satifiketi kwa amisiri omwe adaphunzira ntchito pogwira, osadzera m'kalasi. Maphunziro oyandikana kwambiri ndi kusamala penti ndi a kuwongola ndi kupopera thupi la galimoto komanso a umakaniko, omwe amapezeka m'sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College. Wachinyamata amene wayambira kutsuka galimoto pafupi ndi magalaja a ku Biwi ali ndi mwayi wophunzira kwa amisiri opopera penti, n'kukwera kuchoka pa ganyu wa tsiku ndi tsiku kufika paluso lokhala ndi pepala.

Ngakhale popanda pepala, ntchito imadzichitira yokha umboni. Mwini galimoto atha kuona ngati wotsukayo amayamba wathira madzi, ngati ali ndi zidebe ziwiri, ngati nsalu ya matayala ndi yosiyana ndi ya thupi, ngati amatsukira pamthunzi komanso ngati amafunsa asanatsegule boneti. Aonenso kumene madzi otsukira akupita, poti madzi osakanikirana ndi oilo akalowa m'ngalande amakathera mumtsinje wa Lilongwe kapena wa Lingadzi, momwe anthu ena amachapa ndi kuthirira mbewu zam'dimba.

Mwini galimoto naye ali ndi gawo lake. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo zimadya penti, choncho ziyenera kuchotsedwa tsiku lomwelo ndi madzi komanso nsalu yofewa. Akuluakulu adati walira mvula walira matope: m'nyengo ya dzinja matope amakanirira pansi pa galimoto ndi kuseri kwa matayala, n'kumasunga chinyontho chimene chimabala dzimbiri. Kapeti wonyowa aumitsidwe bwino, apo ayi nkhungu ndi fungo zimamanga nthenje.

Tsiku lotsuka ndi mpata wabwinonso woyang'ana oilo, madzi oziziritsa injini, mafuta a mabuleki, mawaipa, nyali, mpweya wa m'matayala ndi sefa ya mpweya yomwe imatsekeka msanga m'misewu yafumbi. Pambali pa tayala lililonse pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa. Mwachitsanzo, 2319 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Zina mwa zinthuzi, monga matayala, nyali ndi mabuleki, nzomwenso zimaunikidwa galimoto ikamakatenga chiphaso cha COF, chomwe chimayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya Road Traffic.

Choncho posankha malo otsukira, mtengo wotsika ndi changu zisakhale zokhazo zoganizira. Ndalama yochepa imene munthu angaonjezere kwa wotsuka wosamala ndi yaing'ono poyerekeza ndi yopoperanso penti galimoto yonse, ndipo wotsuka amene waphunzira kuteteza penti amakhala ndi makasitomala obwerabwera.